Kusaka dera lokhalamo ku Joni mukakhala banja la akazi okhaokha kapena amuna okhaokha

Ku South Africa lamulo lili kumbali yanu. Malamulo aakulu a dzikolo a 1996, pa gawo 9, amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Mu 2002 khoti lalikulu loona za malamulowo linalola akazi awiri kapena amuna awiri kutenga mwana n'kumulera limodzi ngati makolo ake, ndipo kuyambira pa 30 Novembala 2006 maukwati otere amamangidwa ku boma. Kwathu ku Malawi nkhaniyi ikadali mlandu, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa malamulo amenewo. Choncho ambiri akamawoloka pa Beitbridge amaganiza kuti mavuto atsala kumbuyo.

Koma lamulo silikhala nanu mpanda umodzi. Amene mukhale naye mpanda umodzi ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, mnyamata wa pa shopu ya pakona, ndi mphunzitsi amene adzafunse mwana wanu kuti bambo ake ali kuti. Mumzinda womwewo, msewu wina ungakulandireni ndi manja awiri, wina wapafupi pomwepo n'kukukhalitsani mwamantha. Malangizo awa ndi a banja lokhala ndi ana lomwe likusamukira ku Cape Town kapena ku Johannesburg, kaya kuchokera kumudzi, kaya kuchokera mumzinda wina wa komweko. Ndawandalika m'ndondomeko imene ine ndingatsate.

Yambani mwamvana m'nyumba

Musanatsegule masamba a pa intaneti otsatsa nyumba ngati Property24 kapena Private Property, khalani pansi awirinu mugwirizane kuti kudera latsopanolo mukadziwika ngati ndani. Mukanena poyera kuti ndinu banja? Mukangokhala osalengeza, koma osabisa wina akafunsa? Kapena mudzitchula pachibale? Aliyense ali ndi zifukwa zake ndipo sindiweruza. Ndingochenjeza kuti bodza la pachibale limalemera kwambiri pamutu pa mwana. Mwana wa zaka 6 sasunga chinsinsi, ndipo si bwino kumusenzetsa ntchito yolondera makolo ake. Ngati dera likukakamizani kuti mwana aziti "anti" kwa munthu amene kunyumba amamuti "amayi", deralo lalephera kale mayeso.

Chimene mwagwirizana apa ndicho chikutsogolereni pa zonse zotsatira.

Werengani ndalama ndi ulendo wa kuntchito

Apa palibe zachilendo. Lembani lendi imene mungakwanitse mwezi ndi mwezi osakongola, muwonjezere dipoziti, magetsi ogula pa mita, madzi ndi thiransipoti. Kenako onani njira. Ku Cape Town kuli mabasi a MyCiTi ndi sitima yotsika kumwera kudzera ku Observatory, Mowbray, Wynberg mpaka ku Muizenberg. Ku Johannesburg kuli mabasi a Rea Vaya, sitima ya Gautrain ndi matakisi. Chofunika si kutalika kwa ulendo kokha ayi, komanso kamtunda kamene muziyenda wapansi pochoka pa siteji kukada. Mayi wometa tsitsi lonse, wovala buluku ndi nsapato zachimuna, amaonekera patali, ndipo mphindi 10 zimenezo tsiku lililonse n'zimene zingamuchititse kudana ndi dera.

Sankhani sukulu, nyumba ibwere pambuyo

Apa ndi pamene ambiri amasemphanitsa. Amapeza fulati yokongola, n'kusaina, kenako n'kuyamba kufunsa sukulu. Mutembenuze. Mwana amatha maola ambiri kusukulu kuposa amene inu mumatha mumsewu wa kwanu, ndipo m'sukulu za boma malo okhala amawerengedwa polandira ana. Ku Gauteng kulembetsa Grade 1 ndi Grade 8 kumachitika pa intaneti, ndipo adiresi ya kunyumba imaonedwa. Ku Western Cape nakonso amalembetsa pa intaneti, kuchiyambi kwa chaka, kukonzekera chaka chinacho. Chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, osati Seputembala ngati kwathu, ndiye muwerengere bwino nthawi yosamuka.

Sankhani sukulu zitatu kapena zinayi, mupemphe kukaonana ndi a hedi kapena owatsatira. Mupite nonse awiri. Musafunse kuti "kodi pano mumasala?" chifukwa palibe angavomere. Funsani zinthu zogwirika. Pa sukulu pano pali ana ena okhala ndi amayi awiri kapena abambo awiri? Pa tsiku lokumbukira abambo, mwana wopanda bambo m'nyumba mumamupangitsa chiyani? Mwana akanyozedwa chifukwa cha makolo ake, amene amamva nkhaniyo ndani, ndipo chimatsatira n'chiyani? Fomu yanu ili ndi malo a "mayi" ndi "bambo" okha, kapena mutha kulemba tonse ngati makolo?

Mvetserani yankho, koma muyang'anenso nkhope. Hedi amene anakumanapo ndi mabanja ngati lanu amayankha msanga, nthawi zina n'kukuuzani zimene zinavuta ndi mmene anazikonzera. Ameneyo ndi wodalirika kuposa wongomwetulira n'kunena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pake. Mawu amenewo ndi okoma, koma nthawi zambiri amatanthauza kuti nkhaniyi sanaiganizepo.

Pemphaninso malamulo a khalidwe a sukuluyo. Amakhazikitsidwa ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi imene kumeneko amati SGB, ndipo mukawawerenga mudziwa ngati kuzunzana kwa ana amakutenga ngati nkhani yaikulu. Ngati sukulu ndi ya mpingo, musathawe msanga komanso musakhulupirire msanga. Zilipo za mpingo zolandira bwino, ndipo zilipo za boma zokhala ndi mphunzitsi mmodzi wolalikira m'kalasi. Kufunsa ndi komweko.

Ngati mwana munabwera naye kuchokera kumudzi, mwina wa ukwati woyamba, konzani chikalata chake chobadwira ndi kalata ya chilolezo ya kholo linalo. Mapepala akachedwa, dziwani kuti mu Disembala 2019 khoti la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa zikalata. Akalaliki ena amachitabe ngati sakudziwa, ndiye muzipempha kulankhula ndi a hedi.

Musakomedwe ndi mbendera

Aliyense akuuzani za De Waterkant, kadera ka ku Cape Town kodziwika ndi mabala ndi malo odyera a anthu ngati ife, pafupi ndi Green Point. Ndi kokongola ndithu, ndipo mutha kugwirana manja mumsewu popanda wocheuka. Koma lendi yake ndi ya alendo obwera ndi madola, nyumba zambiri amabwereketsa kwa odzacheza masiku ochepa, ndipo usiku wa Loweruka si wogonetsa khanda. Dera losangalalira ndi lina, lolerera ana ndi lina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Banja limafuna malo osewerera ana, kiliniki, sitolo yoyenda wapansi, ndi anansi okhazikika amene adzadziwe dzina la mwana wanu. Ku Cape Town yambani kuyang'ana Observatory, Mowbray, Woodstock ndi Muizenberg, kumene kumakhala anthu osakanikirana: ophunzira a ku yunivesite, ogwira ntchito ku chipatala cha Groote Schuur, alendo a m'mayiko ena. Sea Point ndi yabwino ngati thumba likulola. Ku Johannesburg anthu amatchula Melville, Westdene, Greenside ndi Parkhurst, ngakhale awiri omalizawa ndi odula. Maina awa ndi poyambira chabe. Ku Woodstock kapena ku Melville msewu umodzi umasiyana kwambiri ndi wotsatira, moti dzina la dera silingakuuzeni zambiri za nyumba imene mwaiona pa foni.

Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kuposa mbendera ya utawaleza pa windo la lesitilanti ndi kusakanikirana. Kumene kuli kale anthu a mitundu, zilankhulo ndi zipembedzo zosiyanasiyana, anthu anazolowera kusadabwa.

Nkhani ya abale athu

Iyi ndiye yovuta, ndipo mzungu wolemba malangizo ngati awa sangaidziwe. Munthu akafika ku Joni amathamangira kumene kuli anzake a kumudzi. Ku Cape Town ndi madera ngati Capricorn, Masiphumelele, Imizamo Yethu ku Hout Bay, kapena Dunoon. Ndi zomveka. Lendi ndi yotsika, ganyu imamveka msanga, usipa ndi ufa zimapezeka, ndipo maliro akagwa pali anthu osonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi.

Koma kumene kuli abale kuli maso. Amene wakuonani Lamlungu mukuchokera kogula zinthu ndi mnzanu, madzulo ake wauza mlongo wake ku Mangochi kapena ku Mzimba pa WhatsApp, ndipo Lolemba mayi anu akuimba foni akulira. Ngati kwanu akudziwa kale ndipo anavomereza, palibe chodetsa nkhawa. Ngati sakudziwa, kapena mukuyembekeza kumapitabe kumudzi pa Khirisimasi kumene lamulo likadali lija, muganize kawiri. Ambiri timakumbukira zimene zinachitikira Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 mu 2010 asanakhululukidwe ndi Bingu wa Mutharika. Tiwonge anathawira ku Cape Town, ndipo ngakhale kumeneko anavulazidwapo ndi anthu.

Malangizo anga ndi akuti mukhale pamtunda woti abale mutha kuwayendera mukafuna, koma iwo sangaone chitseko chanu tsiku lililonse. Siteji ziwiri zitatu za sitima zimakwana. Simunawataye, ndipo inunso muli ndi popumira.

Za m'malokeshoni ndinene mosamala, chifukwa anthu amakonda kuwanyoza onse pamodzi. N'zoona kuti kwachitika zoopsa. Zoliswa Nkonyana anaphedwa ku Khayelitsha mu 2006 ali ndi zaka 19, ndipo Eudy Simelane, amene anasewerapo mpira mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, anaphedwa ku KwaThema mu 2008. N'zoonanso kuti ku Khayelitsha komweko kunabadwa gulu la Free Gender lotsogoleredwa ndi Funeka Soldaat, kuti Soweto ili ndi chikondwerero chake cha Pride, cha anthu ngati ife, komanso kuti mabanja ambiri a akazi okhaokha akulera ana m'malokeshoni mwamtendere. Kusiyana kwake n'kwakuti ambiri mwa iwo anakulira pomwepo, ali ndi azakhali ndi amalume mumsewu womwewo. Inu mukufika ngati mlendo pawiri: wakunja, komanso wa banja losazolowereka. Ziwawa zothamangitsa alendo za mu Meyi 2008 zinapha anthu 62, ndipo m'zaka zaposachedwa gulu la Operation Dudula lakhala likutsekereza alendo pa zipata za makiliniki ena. Ndiye dera lililonse mulifunse mafunso onse awiri: amatani ndi anthu ngati ife, nanga amatani ndi obwera?

Ngati ndalama zikungokwana chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu mu lokeshoni, mwini nyumbayo ndiye chishango chanu. Sakani mayi wachikulire wolemekezeka mumsewumo amene wakumvetsani n'kuvomera. Mawu ake amodzi kwa anyamata a pakona amaposa loko aliyense.

Funsani amene akukhalako

Safunsa anadya phula. Ku Cape Town kuli Triangle Project, bungwe lakale lothandiza pa zaumoyo ndi uphungu, kuli PASSOP imene imathandiza othawa kwawo ndi obwera, ndipo kuli Pride Shelter ku Oranjezicht yosunga anthu kwa kanthawi zinthu zikathina. Ku Gauteng kuli bungwe la OUT. Aimbireni kapena alembereni, muwauze madera amene mukuganizira, ndipo mupemphe ngati angakulumikizeni ndi makolo ena. Kholo limodzi lokhala m'deralo likuuzani m'mphindi 20 zimene simungazipeze pa intaneti mwezi wathunthu: dokotala wa ana amene sachita tsinya, sukulu ya mkaka yabwino, msewu wopewa.

Ambiri a ife tinakulira mu tchalitchi kapena mu mzikiti, ndipo Lamlungu kapena Lachisanu lopanda kopemphera limapweteka. Liikeni pa mapu. Ku Cape Town kuli mpingo wa Good Hope Metropolitan Community Church, ndiponso bungwe la Inclusive and Affirming Ministries lingakulozereni mipingo ina yolandira. Ku Braamfontein mu Johannesburg, parishi ya Akatolika ya Holy Trinity yakhala ndi gulu la anthu otere kwa zaka zambiri, ambiri mwa iwo ochokera m'mayiko ena a mu Africa. Kwa Asilamu zinthu ndi zothina kwambiri. Imam Muhsin Hendricks, amene ankatsogolera mapemphero olandira aliyense ku Wynberg, anawomberedwa pafupi ndi Gqeberha mu Febuluwale 2025, ndipo n'zomveka kuti anthu amasamala pouza mlendo kumene amakumana. Dzerani ku mabungwe aja, musafunse pagulu.

Pitani katatu

Dera likatsala pa mndandanda wanu waufupi, liyendereni m'mawa wa tsiku la ntchito ana akupita kusukulu, Lachisanu kukada, ndi Lamlungu masana. Muyende wapansi, nonse, ndi mwana. Lowani mu shopu ya pakona mugule buledi. Khalani pa benchi pamalo osewerera ana kwa theka la ola. Onani ngati akazi akuyenda okha madzulo, ngati ana akusewera panja, ngati pali gulu la amuna ongokhala pakona akumwa tsiku lonse. Kuyang'anidwa kokha si vuto, pakuti mlendo amayang'anidwa kulikonse. Kusiyanitsa diso lodabwa ndi diso lodana, tonsefe tinaphunzira kalekale. Thupi likakuuzani kuti sunthani pang'ono musayandikane, limvereni, ndipo mufunsane pobwerera ngati nonse munamva chimodzimodzi.

Apolisi a SAPS amatulutsa ziwerengero za milandu za siteshoni iliyonse miyezi itatu iliyonse. Ziwerengeni poyerekeza madera, koma mukumbukire kuti siteshoni imodzi imayang'anira dera lalikulu, ndipo ambiri onyozedwa kapena kumenyedwa chifukwa cha mmene alili sakanena n'komwe. Phindu lalikulu lili m'magulu a Facebook a anthu a m'deralo. Werengani ndemanga za miyezi ingapo yapitayo, makamaka pa nthawi ya Pride, imene ku Cape Town imachitika chakumapeto kwa Febuluwale kapena kuchiyambi kwa Malichi, ndipo ku Johannesburg mu Okutobala. Onaninso mmene amalankhulira za alendo chinthu chikabedwa. Pamenepo mudziwa anansi anu musanawaone.

Pokaona nyumba ndi posaina

Mupite awiri ndipo munene mwachidule, mosapepesa: ife ndi banja, tili ndi mwana mmodzi. Ndi bwino mwini nyumba akane lero kusiyana n'kudzayamba kukusowetsani mtendere mutalipira kale dipoziti. Ine zinandichitikira. Ejenti wina anali wokoma pa foni, koma titafika n'kuona kuti chipinda chogona akuluakulu tikufuna chimodzi, mwadzidzidzi nyumbayo inakhala kuti ina yatengedwa m'mawa womwewo. Patapita masabata awiri inali ikadali pa intaneti.

Zoterezi ndi zoletsedwa. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limaletsa mwini nyumba kusala wofuna lendi pa chifukwa ichi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi Rental Housing Tribunal kumene mungadandaule kwaulere. Kulinso makhoti a Equality Court, opezeka m'makhoti a majisitireti, kumene simufunika loya. Sungani mauthenga ndi chithunzi cha chilengezo. Kaya mukadandaula kapena ayi zili kwa inu. Ine sindinapite, ndinalibe mphamvu zake nthawi imeneyo, ndipo nyumba ya munthu wotero sindikanaifunanso.

Mukapeza yabwino, maina a nonse awiri alembedwe pa pangano la lendi. Mmodzi akamwalira, akadwala kapena mapepala ake akavuta, winayo ndi mwana asathamangitsidwe ngati alendo. Lamulo limati dipoziti isungidwe ku banki kumene imapanga chiwongoladzanja, ndiponso kuti inu ndi mwini nyumba muyendere nyumbayo limodzi polowa ndi potuluka. Jambulani ming'alu ndi madontho onse tsiku loyamba. Musalipire kalikonse musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu, chifukwa akuba a pa Facebook amadyera kwambiri obwera kumene.

Ngati ndi fulati kapena nyumba za mumpanda umodzi, pemphani malamulo a eni nyumbazo muwerenge za ana, phokoso ndi alendo. Mikangano ya m'malo otere imapita ku CSOS, ofesi ya boma yomva madandaulo a okhala m'nyumba zotere. Ndipo chezani ndi mlonda wa pageti komanso wosamalira malowo. Amenewo ndi amene aziona kulowa ndi kutuluka kwanu, ndipo kawirikawiri mupeza kuti ndi wa ku Malawi kapena ku Zimbabwe. Mukamva Chichewa pageti, kumbukirani zimene munagwirizana pa chiyambi paja.

Siyani khomo lotsegula

Ngati mwini nyumba alola, pangano loyamba likhale la miyezi 6. Musagule nyumba m'chaka choyamba ngakhale ndalama zilipo. M'masabata oyambirira muzipereka moni kwa anansi a kumanja ndi kumanzere, mulowe gulu la WhatsApp la mumsewu, mukalembetse mwana ku kiliniki nonse awiri kuti anamwino akuzolowereni asanadwale, ndipo mupite ku msonkhano woyamba wa makolo limodzi, n'kukhala kutsogolo.

Pakatha miyezi itatu, muzimufunsa mwanayo mukuyenda naye kapena mukutsuka mbale, osati momukhazika pansi ngati pa mlandu. Amasewera ndi ndani pa buleki? Alipo mnzake amene akufuna kumuitana kunyumba Loweruka? Akatchula dzina, imbirani makolo a mnzakeyo foni, muwauze kuti kunyumba kuno kuli amayi awiri kapena abambo awiri, ndipo muone ngati Loweruka lija abwera naye.